Tchalitchi cha miyala pamwamba pa manda a mmphawi: nkhani ya San Francesco ku Assisi

Munthu akamayandikira mzinda wa Assisi kuchokera ku chigwa cha Umbria, chapakati pa dziko la Italy, chimene maso ake amayamba kuona ndi chikhoma chachitali cha nsanamira zambirimbiri chomwe chagwirira nsonga ya phiri, ndipo pamwamba pake pakhala tchalitchi cha miyala yoyera ndi yofiirira pang'ono ya m'phiri la Subasio. Tchalitchichi ndi San Francesco, ndipo pansi pake pagona Francesco wa ku Assisi, amene Akatolika akwathu amamudziwa kuti Fransisko Woyera. Aliyense wodziwa mbiri ya munthuyu amayenera kudabwa akafika pamalowa, chifukwa Francesco anavula zovala za bambo ake pamaso pa episkopi, anakana kugwira ndalama, analetsa abale a m'chipani cha chipembedzo chimene anayambitsa kukhala ndi nyumba yawoyawo, ndipo tsiku lake lomwalira litayandikira anapempha kuti amugoneke pa dothi lopanda mphasa. Matchalitchi amene iye anawakonda anali ang'onoang'ono ndi ogumuka, monga San Damiano ndi Porziuncola, omwe anawakonza ndi manja ake pogwiritsa ntchito miyala yochita kupempha. Funso loti nyumba yaikulu chotere inamangidwa bwanji pamwamba pa munthu wotere ndi limene limatsegula tanthauzo la kamangidwe kake ndi zithunzi zake zonse.

Francesco anamwalira pa 3 Okutobala 1226. Zaka ziwiri zisanathe, pa 16 Julayi 1228, Papa Gregory IX, yemwe anali bwenzi lake ndi mtetezi wa chipani chake asanakhale papa, anamulengeza kuti ndi woyera, ndipo m'mawa mwake anayika mwala woyamba wa tchalitchi. Malo amene anasankhidwa anali kunja kwa linga la mzinda, pa chitunda chimene anthu ankachitcha Phiri la Gehena chifukwa nkumene ankaphera anthu olakwa. Dzinalo linasinthidwa nkukhala Phiri la Paradaizo. Woyang'anira ntchito anali Elia wa ku Cortona, mmodzi wa abale oyamba, munthu wodziwa kusonkhanitsa chuma ndi kuyendetsa amisiri, ndipo ntchito inathamanga kotero kuti pa 25 Meyi 1230 thupi la Francesco linasamutsidwira m'nyumba yatsopanoyi. Abale ena sanakondwere. Pali nkhani yakale ya m'chipanimo yonena kuti m'bale Leone, amene anayenda ndi Francesco kwa zaka zambiri, anaphwanya mtsuko woponyamo zopereka umene unayikidwa pamalo a ntchito. Kaya zinachitikadi momwemo, nkhaniyi ikusonyeza kuti mkangano unalipo kuyambira pa maziko.

Mfundo inamasulidwa ndi lamulo. Malo ndi nyumba zinalembedwa kuti ndi za papa, osati za abale, choncho abale ankatha kupemphera ndi kugona m'menemo koma nkumanenabe kuti alibe kanthu. Gregory IX anatchanso tchalitchichi mutu ndi mayi wa chipani chonse. Kusiyana kwake ndi matchalitchi ena a chipanichi kumaoneka bwino tikaona malamulo amene abale anagwirizana pa msonkhano wawo wa ku Narbonne mu 1260: analetsa madenga okhota a miyala kupatula pamwamba pa guwa lalikulu, analetsa nsanja zazitali za mabelu, ndipo anachepetsa mazenera a zithunzi. Ku Assisi zonsezi zilipo, ndiponso zochuluka. Tchalitchi cha San Francesco chinali manda a woyera, chinali likulu la chipani, komanso chinali tchalitchi cha papa, chokhala ndi mpando wake wa mwala kumbuyo kwa guwa, ndipo amisiri anayenera kupeza njira yoti ntchito zitatuzi zikwanire pamalo amodzi otsetsereka.

Njira yawo inali yomanga matchalitchi awiri mosanjikiza. Cha pansi ndi chachifupi, chotakata ndi chamdima. Zipilala zake ndi zonenepa, ndipo denga lake limakhota mozungulira nkutsikira pafupi ndi mitu ya anthu, monga ankamangira m'kamangidwe kakale kotchedwa Romanesque, komwe khoma lolemera ndilo linkanyamula zonse ndipo zenera linkakhala laling'ono kuopa kufooketsa khomalo. Apa ndi pamene alendo a chipembedzo ankafikira kudzagwada pafupi ndi manda, ndipo nyumbayi ili ngati phanga mwadala. Imagwiranso ntchito ya maziko, chifukwa kulemera konse kwa tchalitchi cha pamwamba kumatsikira pa iyo.

Munthu akakwera masitepe nkulowa m'tchalitchi cha pamwamba, chimene Papa Innocent IV anachidalitsa mu 1253, amakhala ngati watuluka m'nyumba kupita pabwalo. Ndi chipinda chimodzi chachitali, chopanda mizere ya nsanamira yogawa anthu, chokhala ndi zigawo zinayi kenako mikono iwiri yopingasa, kotero kuti mapulani ake amafanana ndi chilembo T, chizindikiro cha mtanda chimene Francesco ankakonda kulemba. Pano amisiri anatengera kamangidwe katsopano ka ku France kotchedwa Gothic: denga losongoka pamwamba, lokhala ndi nthiti za miyala zimene zimatenga kulemera nkukutsitsira pa timizati towonda tomangidwa m'mitolo, kwinaku kunja nsanja zobulungira zikuchirikiza khoma kuti lisatseguke. Ichi ndi chimodzi mwa matchalitchi oyambirira ku Italy kumangidwa motero. Koma Ataliyana sanatengere zonse. Ku France cholinga chinali kuchepetsa khoma mpaka litatsala pang'ono kutha, kuti galasi litenge malo ake. Ku Assisi mazenera ali pamwamba pokha, ndipo pansi pake pasiyidwa khoma lalikulu losalala kuzungulira chipinda chonse. Ine ndimaona kuti chisankho chosiya khomali ndicho chinthu chachikulu pa nyumba yonseyi, chifukwa khoma losalalalo linkadikira ojambula. Magalasi a mitundu nawonso alipo, ndipo a kumbuyo kwa guwa, amene akatswiri amati anapangidwa ndi amisiri ochokera ku Germany cha pakati pa zaka za m'ma 1200, ali m'gulu la akale kwambiri m'dziko la Italy.

Kuti zithunzi za ku Assisi zimveke, nkofunika kudziwa mmene ankazijambulira. Njira yake imatchedwa fresco. Mmisiri ankayamba wamata khoma ndi pulasitala wokhakhala wa laimu ndi mchenga, nkujambulapo chithunzi chonse ndi dothi lofiira. Tsiku lojambula ankamata pulasitala wosalala pa kachigawo kokha kamene akanatha kumaliza dzuwa lisanalowe, kenako nkupaka utoto wosungunula m'madzi pulasitalayo akadali wauwisi. Laimu akamauma amagwira utoto nkuuma nawo limodzi, ndipo chithunzi chimasanduka khoma lenilenilo m'malo mokhala chopakidwa pamwamba. Wolakwitsa analibe mwayi wofufuta; ankachita kugumula kachigawoko nkuyambiranso. Nkhope imodzi yovuta inkatha kudya tsiku lathunthu, pamene thambo lalikulu linkatha msanga. Mpaka lero, munthu akawalitsa nyali cham'mbali amaona mizere pamene pulasitala wa tsiku lina anakumana ndi wa tsiku linzake, ndipo akatswiri amawerenga mizereyi kuti adziwe masiku amene ntchito inatenga ndiponso mbali imene inayamba. Mitundu ina, makamaka ya buluu wa mwala wa azurite, sinkagwirizana ndi laimu wauwisi, choncho inkapakidwa khoma litauma ndi zomatira, ndipo ndiyo yasupuka kwambiri m'zaka zapitazi.

Zithunzi zakale kwambiri zili m'tchalitchi cha pansi, zojambulidwa cha m'ma 1260 ndi mmisiri amene dzina lake silinasungidwe, yemwe akatswiri amangomutcha Mmisiri wa San Francesco. Khoma lina anajambulapo masautso a Khristu, ndipo khoma loyang'anana nalo anajambulapo moyo wa Francesco, kuti woyenda pakati aone kuti moyo winawu ukutsanzira unzake. Uwu unali uthenga wolimba mtima, ndipo maziko ake anali chikhulupiriro choti mu 1224, pa phiri la La Verna, Francesco analandira m'thupi mwake mabala asanu a Khristu. Zithunzizi zinadulidwa pakati pamene makoma anabooledwa kuti amange timatchalitchi ta m'mbali ta makadinala ndi anthu olemera ofuna kuikidwa pafupi ndi woyerayu.

M'tchalitchi cha pamwamba, mbali ya kuguwa inajambulidwa ndi Cimabue wa ku Firenze ndi anthu ake cha m'ma 1280. Woona zithunzi zake koyamba amadzidzimuka, chifukwa nkhope ndi zovala zimene zinayenera kuwala ndi zakuda, ndipo mithunzi ndiyo ikuoneka yowala. Chinachitika nchakuti Cimabue anagwiritsa ntchito utoto woyera wopangidwa ndi mtovu, umene pa khoma unasintha pang'onopang'ono nkuda. Ngakhale zili choncho, chithunzi chake cha Khristu pa mtanda sichinataye mphamvu: thupi lapindika ngati uta, nsalu ya m'chiuno ikuuluka ndi mphepo, angelo akuzungulira mlengalenga atagwira nkhope, Maria wa ku Magadala wakweza manja onse awiri polira, ndipo pa tsinde la mtanda pagwada Francesco, wamng'ono, ngati munthu amene analipo tsikulo. Ojambula a m'mbuyomo, otsata mwambo wa ku Byzantium, ankajambula oyera atayima duu pa golide, kutali ndi dziko la anthu. Pano chisoni chayamba kugwedeza matupi.

Papa Nicholas IV, amene anasankhidwa mu 1288 ndipo anali woyamba wa chipani cha Francesco kukhala papa, analimbikitsa kwambiri ntchito yokongoletsa chipinda chachikulu. Pamwamba, pakati pa mazenera, panajambulidwa nkhani za Chipangano Chakale mbali imodzi ndi za Chipangano Chatsopano mbali inayo, ndipo amisiri a ku Roma, monga Jacopo Torriti, anagwirapo ntchito. Pakati pa zithunzizi pali ziwiri za Isake ndi ana ake, Yakobo ndi Esau, zimene zimasiyana ndi zonse zozizungulira. Isake wagona pa bedi m'chipinda chimene chili ndi mkati mwenimweni, anthu ali ndi thupi lolemera, nsalu zikupindika motsata mawondo ndi mapewa, ndipo kuwala kukuchokera mbali imodzi. Wojambulayo amangotchedwa Mmisiri wa Isake. Ena amati anali Giotto, wojambula wotchuka wa ku Firenze, ali mnyamata, ena amati anali mmisiri wa ku Roma.

Pansi pa zonsezi, pamene maso a munthu woimirira amafika mosavuta, pali zithunzi 28 za moyo wa Francesco, ndipo izi ndizo zimakoka anthu ambiri ku Assisi. Nkhani zake zinatengedwa m'buku la moyo wa woyerayu lolembedwa ndi Bonaventura, mtsogoleri wa chipani, lomwe linavomerezedwa mu 1263. Mu 1266 msonkhano wa abale unalamula kuti mabuku akale a moyo wa Francesco awonongedwe kuti patsale limeneli. Izi zikutanthauza kuti Francesco wa pa makomawa ndi Francesco amene akuluakulu a chipani ndi a Mpingo anafuna kuti anthu amudziwe. Nchifukwa chake apapa amaonekera kawirikawiri. Pa chithunzi china Papa Innocent III wagona ndipo akulota tchalitchi chake cha Laterano ku Roma chikugwa, mmphawi wovala chiguduli atachichirikiza ndi phewa. Pa china papa akuvomereza malamulo a abale, ndipo pa china Francesco akulalikira pamaso pa Papa Honorius III. Nkhani ya kukumana kwake ndi munthu wakhate, imene Francesco mwini anailemba m'mawu ake otsiriza kuti ndiyo inatembenuza moyo wake, mulibemo m'zithunzi 28 zimenezi. Kusowa kwa nkhani imeneyi kumandikhudza, chifukwa kukusonyeza mbali ya munthuyu imene inali yovuta kuiyika pa khoma la tchalitchi cha papa.

Komabe kungakhale kulakwa kuona zithunzizi ngati chida cha akuluakulu basi, chifukwa mmene zinajambulidwira muli china chake cha Francesco mwini. Chithunzi choyamba chikuonetsa munthu wamba akuyala chovala chake pansi kuti mnyamata Francesco apondepo, ndipo kumbuyo kwawo kuli bwalo la mzinda wa Assisi, ndi nsanja yake ndi kachisi wakale wa Minerva, mulungu wamkazi wa Aroma, amene alipobe mpaka lero. Munthu wa ku Assisi wa nthawi imeneyo ankaona msewu umene wadutsamo m'mawa womwewo uli pa khoma la tchalitchi. Pa chithunzi cha kuvula zovala, bambo ake a Francesco, Pietro di Bernardone, akwiya mpaka nkhope yasintha, apinda chibakera, ndipo mnzawo wawagwira dzanja kuti asamenye mwana wawo, pamene episkopi akufunditsa mnyamatayo chovala chake atayang'ana kumbali. Pakati pa magulu awiriwa pasiyidwa mpata wopanda kanthu, ndipo mpata umenewo ukunena za kusweka kwa banja kuposa mmene mawu akananenera. Pa chithunzi cha kasupe, mlimi waludzu wagona chafufumimba pa thanthwe akumwa madzi ndi thupi lake lonse. Pa chithunzi cha ku Greccio, kumene mu 1223 Francesco anakonza khola la Khirisimasi ndi ng'ombe ndi bulu, mwambo umene ukupitirira m'maparishi athu, abale akuimba atayasama kukamwa, amayi akusuzumira pakhomo, ndipo mtanda waukulu ukuoneka chakumbuyo kwake, matabwa ndi chochirikizira chake zili poyera, chifukwa woona wayimikidwa mkati mwa malo a ansembe. Munthu amene analalikira mbalame ndi kutcha dzuwa m'bale wake anaphunzitsa anthu kuyang'ana zolengedwa mwachidwi, ndipo ojambulawa anayang'anadi.

Za amene anajambula zithunzi 28 zimenezi akatswiri akhala akutsutsana kwa zaka zoposa 100. Mwambo wakale, umene Giorgio Vasari, wolemba mbiri ya amisiri ojambula, anaulemba m'zaka za m'ma 1500, umati ndi Giotto. Otsutsa amayerekeza zithunzizi ndi zimene Giotto anajambula ku Padova, m'tchalitchi cha banja la Scrovegni cha m'ma 1305, ndipo amati kayalidwe ka anthu ndi kagwiridwe ka burashi nkosiyana; ena amaloza kwa amisiri a ku Roma a gulu la Pietro Cavallini. Chimene kuwerenga kwa mizere ya pulasitala kwaonetsa nchakuti panali manja ambiri ogwira ntchito pamodzi, ndi zipangizo zokoperako nkhope kuti zifanane. Mkanganowu uli ndi phindu lake, koma nthawi zina umaiwalitsa anthu kuti khoma lotere linali ntchito ya gulu: wosakaniza laimu, wopera utoto, womanga nsanja zokwerapo, wojambula nyumba ndi wojambula nkhope.

Zaka zoyambirira za m'ma 1300 ntchito inabwerera m'tchalitchi cha pansi, ndipo kunafika amisiri a ku Siena. Simone Martini anajambula katchalitchi ka Martino Woyera, kolipiridwa ndi Kadinala Gentile da Montefiore, ndipo dziko lake ndi la m'nyumba za mafumu: nsalu zopyapyala, golide wosindikizidwa timaluwa, oimba zitoliro, ndi Martino, ali msilikali wachinyamata, akudula chovala chake kuti agawireko wopemphapempha. Pietro Lorenzetti anajambula masautso a Khristu m'mkono wina wa tchalitchi. Pa mgonero wotsiriza anawonjezera khitchini pambali, momwe antchito akupukuta mbale pafupi ndi moto, galu akunyambita zotsala ndipo mphaka wagona. Pa kutsitsidwa pa mtanda, thupi la Khristu lauma ndipo lathyokera m'manja mwa omulira, pamene munthu wina akulimbana ndi msomali wa kumapazi ndi chozulira. Pamwamba pa guwa lalikulu, denga lagawidwa panayi: Umphawi, Kudzisunga, Kumvera, ndi Francesco mu ulemerero. Umphawi wajambulidwa ngati mkwatibwi wowonda wovala zigamba, atayima pa minga, Khristu akumukwatitsa kwa Francesco, ana akumugenda ndi kumutosa ndi ndodo, ndipo zonsezi zili pa golide wonyezimira. Palibe malo ena m'nyumbayi pamene mkangano wa pachiyambi uja umaoneka poyera ngati apa. Chapafupi pomwepo pali chithunzi cha Cimabue cha Maria ndi Mwana, ndipo m'mbali mwake mwayima Francesco wamfupi, wa ndevu zochepa ndi makutu oonekera, wosakongola, amene anthu ambiri amamuona kuti ndiye wofanana ndi munthu weniweniyo.

Manda enieniwo anakhala obisika kwa zaka mazana ambiri. Thupi linakwiriridwa mozama pansi pa guwa, m'bokosi la mwala lotchingidwa ndi zitsulo, poopa kuti adani, makamaka a mzinda woyandikana wa Perugia, angalibe, pakuti masiku amenewo mafupa a woyera anali ulemu ndi chuma cha mzinda. Linapezeka mu 1818, atakumba kwa masabata angapo ndi chilolezo cha Papa Pius VII. Pamenepo anakumba chipinda chachitatu pansi pa matchalitchi awiri aja, ndipo pakati pa 1925 ndi 1932 chinamangidwanso ndi miyala yosakongoletsa. M'ngodya zake zinayi mwagona anzake a Francesco: Leone, Rufino, Masseo ndi Angelo. Nyumba yonseyi, pamodzi ndi nyumba ya abale yotchedwa Sacro Convento imene yakhala pa nsanamira zija, imasamalidwa ndi nthambi ya chipani yotchedwa Conventual, yomwe abale ake ena ochokera ku Italy anafika ku Ndola, m'dziko la Zambia, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930.

Pa 26 Seputembala 1997 chivomezi chinagwedeza Umbria usiku. M'mawa mwake abale ndi akatswiri a boma analowa m'tchalitchi cha pamwamba kukaona ming'alu, ndipo ali mkati, nthawi ya masana itayandikira, chivomezi chachiwiri chinagwetsa zigawo za denga, china pafupi ndi khomo ndipo china pafupi ndi guwa. Anthu anayi anafa, abale awiri ndi akatswiri awiri. Pamodzi ndi miyala panagwa chithunzi cha Mateyu Woyera chojambulidwa ndi Cimabue, cha Jerome Woyera cha pa denga la pakhomo, ndi zithunzi za oyera angapo za pa uta wa khomolo. Zidutswa zoposa 300,000 zinatoledwa m'fumbi, zina zazing'ono ngati chikhadabo, nkuyalidwa m'mabokosi motsata mtundu ndi kagwiridwe ka burashi. Denga linalimbitsidwa ndipo tchalitchi chinatsegulidwanso mu Novembala 1999, chaka chimodzi bungwe la UNESCO lisanaike Assisi pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Jerome anabwezeretsedwa pamalo pake mu 2002, ndipo mbali yaikulu ya chithunzi chake imazindikirika. Mateyu anabwerera mu 2006, koma zidutswa zake zimene zinapeza malo ndi zochepa, chifukwa utoto wa Cimabue unali utawonongeka kale ndipo zidutswa zambiri zinali zofanana. Okonzawo sanajambule zosowazo mongoganizira. Anasiya mipata ya mtundu wosaonekera kwambiri, ndipo woyang'ana m'mwamba pafupi ndi guwa amaona timadontho ta utoto tobalalika pamene panali Mateyu atakhala pa desiki lake.